Zimene jakisoni wa m'khosi anandichitira, ndi zimene sakanatha kuchita

Ululu unayamba monga umayambira kwa wina aliyense, pamene munthu wadzuka khosi litauma chifukwa chogonera mbali imodzi usiku wonse. Ndinathowa ndi madzi otentha, ndinamwa panado, ndipo ndinapita ku ntchito monga mwa masiku onse. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku England, ndipo tsiku silitha ndisanawerame kambirimbiri, kutembenuza munthu pabedi kapena kumudzutsa pampando. Patatha masabata awiri ululu uja unatsikira kuseri kwa phewa lamanzere, n'kuyenderera mkono wonse mpaka kuchala chapakati, chimene chinayamba kuchita dzanzi. Usiku tulo tinkabwera pokhapokha nditasanjika dzanja lamanzere pamutu, ndipo pambuyo pake adokotala anandiuza kuti anthu ambiri amene mtsempha wawo wapanikizika m'khosi amachita zomwezo, chifukwa kukweza mkono motero kumamasula mtsemphawo pang'ono.

Adokotala oyamba anandipatsa naproxen, mapiritsi ena oteteza m'mimba, ndi amitriptyline womwa usiku, kenako ananditumiza ku mafizo. Patapita miyezi iwiri osasintha, ndipamene anandijambula ndi makina a MRI, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti disiki ya pakati pa fupa la C6 ndi la C7 (mafupa a m'khosi amawerengedwa kuchokera pamwamba, C1 mpaka C7) inali itang'ambika ndi kufufumira kumanzere, kumene inkatsamira mtsempha wopita kumkono.

Nditawaimbira amayi kumudzi kuti ndiwafotokozere, ndinasowa mawu, mpaka ndinakumbukira nkhata. M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo kuyambira pa lachiwiri kutsika m'munsi, pakati pa fupa ndi linzake pali kanthu kofewa kamene kamagwira ntchito ya nkhata pansi pa mtsuko, kulandira kulemera ndi kuteteza kuti zolimba zisakhulane. Kunja kwake n'kolimba ngati luzi lopotedwa, m'kati mwake n'mofewa ngati phala. Munthu akamakula disiki imauma ndi kuphwa, ndipo kunja kukang'ambika zam'kati zimatuluka. Malo amene izi zimachitika kawirikawiri ndi pakati pa C5 ndi C6, ndiponso pakati pa C6 ndi C7. Mtsempha uliwonse wotuluka m'khosi uli ndi dera lake m'dzanja, n'chifukwa chake adokotala amafunsa kuti ndi chala chiti chachita dzanzi: chala chachikulu chimaloza ku mtsempha wa C6, chapakati ku C7, ndipo chaching'ono ku C8, mtsempha wotulukira pansi pa fupa la C7. Amayi anamvetsa msanga, n'kunena kuti, “Ndiye kuti nkhata yako yaphwasuka, mwana wanga.”

Chinthu chimene sindinkachidziwa n'chakuti ululuwo suchokera ku kupanikizika kokha. Zam'kati mwa disiki zikakhudza mtsempha zimauyabwa ndi kuutupitsa, ndipo mtsempha wotupa pamalo opapatiza kale umapweteka koposa. Apa ndipamene jakisoni wa steroid amalowera. Mankhwalawa amathiridwa m'kampata kotchedwa epidural, kamene kali kunja kwa chikopa chokuta mtsempha waukulu wa msana, kuti akachepetse kutupako pafupi ndi pamene pali vuto. Adokotala a ku chipatala cha zaululu ananena mosabisa kuti jakisoniyo sabwezera disiki m'malo mwake ndipo sasoka pamene pang'ambika. Anati anthu ambiri a vuto ngati langa amapeza bwino pakapita masabata kapena miyezi popanda opaleshoni, chifukwa thupi lenilenilo limayamwa pang'onopang'ono zimene zinatuluka zija, ndipo ntchito ya jakisoni ndi kuchepetsa ululu m'nyengo yodikirayo kuti munthu athe kugona, kugwira ntchito ndi kuchita mafizo. Anawonjezanso kuti amathandiza kwambiri ululu wotsikira kumkono kusiyana ndi ululu wa pakhosi penipeni. Ndimawathokoza mpaka lero chifukwa cha mawu amenewa, popeza ndikanalowa m'chipinda chija ndikuyembekeza kuchira kotheratu, bwenzi pano ndikunena kuti jakisoni analephera.

Kuopsa kwake anandiuzanso, ndipo ndinakhala masiku angapo ndisanasaine pepala lovomereza. M'chaka cha 2014 bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linachenjeza kuti jakisoni wa steroid wa mu epidural, ngakhale kuti sizichitika kawirikawiri, akhoza kubweretsa sitiroko, kufa ziwalo, kusaona ngakhalenso imfa. M'khosi malo ndi ochepa kwambiri, ndipo pafupi pomwepo pali mtsempha waukulu wa msana ndi mitsempha ya magazi yopita ku ubongo. Pali njira ziwiri zobayira. Ina singano imalowa chakumbuyo pakati pa mafupa awiri, kawirikawiri m'munsi mwa khosi pakati pa C7 ndi T1 (fupa loyamba la msana pansi pa khosi), pamene kampata kaja kali kokulirapo. Ina singano imalowa cham'mbali, pabowo lotulukira mtsempha, ndipo panjira imeneyi madokotala amasankha mankhwala osungunuka bwino monga dexamethasone, chifukwa mankhwala okhala ndi timibulu akalowa mwangozi mu mtsempha wa magazi akhoza kuutseka. Njira zonse ziwiri zimafuna makina a ekisire oonetsa singano pamene ikulowa, ndipo maganizo anga ndi akuti munthu asalole kubayidwa m'khosi pamalo opanda makina amenewa, ngakhale ululu utamufika pena.

Mafunso amene anamwino anandifunsa tsiku lisanafike ndikufuna kuwatchula bwinobwino, chifukwa ena mwa iwo amatikhudza kwambiri ife ochokera kwathu. Anafunsa ngati ndimamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin kapena clopidogrel, popeza magazi akatayikira m'kampata kaja akhoza kupanikiza mtsempha waukulu. Anafunsa za matenda a shuga, chifukwa steroid amakweza shuga kwa masiku angapo. Anafunsa ngati ndili woyembekezera, ngati thupi likutentha, ndiponso ngati ndinadwalapo chifuwa chachikulu, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo steroid amafooketsa chitetezo cha m'thupi pamalo amene pali matenda. Anafunsanso za ma ARV. Mankhwala ena a HIV ali ndi ritonavir kapena cobicistat, ndipo awa amachedwetsa chiwindi kuchotsa steroid wina monga triamcinolone m'thupi, kotero kuti jakisoni mmodzi yekha akhoza kutupitsa nkhope, kukweza shuga ndi kusokoneza thupi kwa miyezi. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timachita manyazi kutchula mankhwala amenewa pamaso pa dokotala amene sitinamuzolowere, koma pano kubisa kumavulaza, chifukwa adokotala akadziwa amatha kusankha mankhwala ena.

Tsiku lobayidwa ndinagona chafufumimba, mtsamiro uli pachifuwa ndi mphumi itatsamira pakansalu. Anatsuka kuseri kwa khosi ndi mankhwala ozizira, n'kubaya kajakisoni kochititsa dzanzi pakhungu, kamene kanaluma ngati njuchi kwa kanthawi kochepa. Sanandigoneke tulo, ndipo anachita zimenezi dala kuti ndithe kunena msanga ndikamva chachilendo m'manja kapena m'miyendo. Singano itafika, anathira kaye madzi oonekera pa ekisire kuti atsimikize kuti ali pamalo oyenera, kenako mankhwala enieni. Ndinamva kulemera pakati pa mapewa, ngati munthu akukanikiza ndi chala. Zonse sizinapitirire mphindi 20. Anandisunga kanthawi akundiyeza kuthamanga kwa magazi, ndipo mnzanga wa ku tchalitchi ndi amene anandibweza kunyumba chifukwa tsiku limenelo saloleza kuyendetsa galimoto. Anandichenjeza kuti mutu ukayamba kupweteka kwambiri ndikakhala tsonga n'kuleka ndikagona, ndiye kuti singano inaboola chikopa chija, ndipo ndiimbe foni. Kwa ine zimenezi sizinachitike.

Masiku awiri oyamba ululu unakula m'malo mochepa, nkhope inkatentha, ndipo tulo tinasowa. Ndinali nditauzidwa kuti zikhoza kutero, koma mtima unagwabe. Pofika tsiku lachisanu ndinadzuka m'mawa n'kuzindikira kuti ndagona usiku wonse dzanja lili pambali. Moto uja woyenda m'mkono unazilala, ngakhale kuti khosi lenilenilo linkapwetekabe ndikakhala nthawi yaitali nditaweramira foni.

Miyezi yotsatirayo ndi imene ndimaiona kuti inali yofunika kuposa jakisoniyo. Mafizo amene poyamba ndinkalephera chifukwa cha ululu tsopano anatheka: kubweza chibwano m'mbuyo mutu uli chilili, kulimbitsa minofu ya pakati pa mapewa, ndi kutambasula mkono pang'onopang'ono kuti mtsempha uzitsetsereka bwino m'njira yake. Ku ntchito ndinasiya chizolowezi chofulumira, ndinayamba kukweza bedi kufika m'chiuno ndisanagwire munthu, kugwiritsa ntchito nsalu yotsetserekera, ndi kudikira mnzanga pamene ntchito ikufuna anthu awiri. Pa mwezi wachinayi ululu wa m'mkono unabwerako pang'ono, ndipo adokotala anati jakisoni wachiwiri ndi wotheka, koma salola kubaya koposa katatu kapena kanayi pachaka, chifukwa steroid wochuluka amafooketsa mafupa ndi kusokoneza shuga. Tinagwirizana zodikira kaye. Anandikumbutsanso zizindikiro zosafunika kudikira, monga manja kulephera kumanga mabatani, zinthu kugwa m'manja, kuyenda mwadzandidzandi, mkono kufooka mowonjezereka, kapena kulephera kugwira mkodzo. Izi zimasonyeza kuti mtsempha waukulu wa msana ukupanikizika, ndipo pamenepo nkhani imakhala ya madokotala a opaleshoni.

Amayi atamva kuti ndikupeza bwino anandipempha kuti ndiwatumizire jakisoni yemweyo. Iwo asenza madzi, nkhuni ndi matumba a chimanga kuyambira ali mtsikana, ndipo khosi lawo lakhala likuwawa kwa zaka zambiri. Zinandipweteka kuwakaniza. Ndinawafotokozera kuti ameneyu si jakisoni wa pathako amene angabayidwe ndi aliyense wodziwa kugwira singano, ndiponso kuti ululu wawo, umene sutsikira kumkono, mwina gwero lake ndi lina. Ndinatumiza ndalama kwa achimwene kuti apite nawo ku chipatala cha boma akawayeze bwinobwino, ndipo ndinawalembera pa WhatsApp mafunso oti akafunse, kuphatikizapo la TB, popeza amayi akhala akuwonda miyezi yapitayi.

Nsonga ya chala changa chapakati idakali ndi dzanzi, makamaka m'mawa kukazizira, ndipo adokotala akuti dzanzi limachedwa kutha kusiyana ndi ululu. Ndidzaonana nawonso mwezi wamawa, ndipo m'kabuku kamene anandiuza kuti ndizilembamo mmene ululu ulili tsiku ndi tsiku, pa mlingo wa 0 mpaka 10, sabata ino ndalemba 3, pamene ndisanabayidwe ndinkalemba 8.