Kuchokera ku Angonia mpaka ku Leeds

Lero ndakwanitsa zaka 20 pa ntchito ya unamwino kuno ku Leeds, mzinda wa ku England. Ndangokumbuka 1986, nkhondo ya Renamo ndi Frelimo itafika kwathu ku Angonia, m'dziko la Mozambique. Tinathawa usiku, amayi atabereka mlongo wanga, ine nditasenza mphika. Tinatulukira ku Dedza mapazi atatupa.

Kukampu ya othawa nkhondo kuja kolera inkapulula anthu ngati chitopa pa nkhuku. Ndinkaima pakhomo pa tenti kuonerera anamwino akuika madiripi, mpaka ankandithamangitsa. Mtima unagwera pamenepo.

Renamo ndi Frelimo atasainirana mtendere ku Rome mu 1992, abale ambiri anabwerera, ife tinatsalira sukulu. Mpaka pano makombola a chikondwerero cha kuno cha pa 5 Novembala akaphulika ndimadzidzimuka, odwala n'kumandiseka. Mphika uja ukadalipo, achemwali amaphikira nyemba.