Lachiwiri ku sikelo: makanda odzikanda usiku wonse

Okutobala wafika ndi ukali wake. Kwatentha kuyambira m'mawa, mphepo ili ndi fumbi, ndipo pa sikelo lero nkhani yakhala ya khungu. Amayi ambiri amati akangomasula mbereko, mawu oyamba n'kukhala omwewo: "Anesi, tamuonani mwanayu, watuluka zidzolo, sakugona." Koma zidzolozo si zamtundu umodzi, ndipo mankhwala a nthenda ina akapakidwa pa inzake, mwana amavutika milungu yambiri pachabe.

Woyamba anali wosavuta. Khanda la milungu 6 lavekedwa chipewa cha ulusi, juzi ndi masokosi, kenako lakulungidwa m'bulangete, panja dzuwa likuswa mtengo. M'khosi, pamphumi ndi kumsana kuli tinsungu ting'onoting'ono tothithikana. Izi ndi za thukuta, timabowo totulukira thukuta tatsekeka. Mankhwala ake ndi kumuvula. Chovala chimodzi cha thonje, kumusambitsa madzi ofunda pang'ono, kumugoneka pamthunzi podutsa mphepo, m'masiku awiri kapena atatu zimatha. Paudala tamuletsa, chifukwa amatseka timabowo tomweto komanso fumbi lake mwana amalipumira m'mapapo. Khanda lobadwa masiku osakwana ndi nkhani ina, limenelo limafunikabe kutentha kwa pachifuwa pa mayi ake.

Wachiwiri, wa miyezi 4, ndiye watikumbutsa funso limene sitilumpha: "Mayi, kunyumba alipo wina amene akudzikanda?" Mayiwo anayang'ana pansi, kenako n'kutambasula manja. Pakati pa zala ndi pamfundo za dzanja pali zipsera zokandakanda. Bambo a mwana nawonso, akuti, ndi ana awiri akuluakulu, makamaka usiku. Titatsegula tizikhatho ta mwana ndi kuyang'ana kumapazi, tinapeza tinsungu ndi timatuza. Imeneyi ndi mphere. Kwa wamkulu mphere siikonda kumutu ndi kumaso, koma kwa khanda imafika paliponse: m'zikhatho, kumapazi, m'khwapa, m'mutu. Imayamba ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamakumba pakhungu n'kuikira mazira, ndipo munthu woigwira koyamba amayamba kumva kuyabwa patapita milungu 4 mpaka 6. N'chifukwa chake amene sakudzikanda lero angakhale ali nayo kale. Nyumba yonse imapaka mankhwala tsiku limodzi, apo ayi imabwerera.

Kwa khanda lokwanitsa miyezi 2, mankhwala opaka otchedwa permethrin wa 5 peresenti amapakidwa thupi lonse kuphatikizapo m'mutu, kuseri kwa makutu ndi pakati pa zala, kupewa maso ndi pakamwa, n'kusambitsidwa pakatha maola 8 mpaka 12. Amabwereza pakatha masiku 7 kuti aphe tizilombo toswa m'mazira. Benzyl benzoate wa 25 peresenti, amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu, ndi wa mphamvu ya akuluakulu. Amawawa pakhungu la khanda, ndipo kusungunula kwake ndi maola ake aike ndi wachipatala, osati mayi kungogawira mwana zotsala zake. Khanda losakwana miyezi 2 limapatsidwa mafuta a salufa a 5 peresenti usiku utatu wotsatizana. Zovala, zitenje ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa, zosachapika zimangidwe m'thumba la pulasitiki masiku osachepera atatu, pakuti kachilomboko sikakhalitsa kunja kwa thupi la munthu. Tawauziratu kuti kuyabwa kumapitirira milungu 2 mpaka 4 ngakhale tizilombo titafa. Ambiri amabwereza mankhwala usiku uliwonse poganiza kuti sanagwire ntchito, mapeto ake khungu n'kupsa. Ndipo mphere si chizindikiro cha uve, imagwira ngakhale osamba kawiri pa tsiku.

Amene takhala naye nthawi yaitali ndi mnyamata wa miyezi 5. Masaya onse awiri ndi ouma, okhakhala, akuda kuposa nkhope yonse, ndipo pamwamba pake pali tinkhanambo toyera ngati phulusa. Kunja kwa mikono ndi kwa miyendo kulinso chimodzimodzi. Mayi ake akuti akamubereka amakhuza nkhope kumsana kwawo mpaka chitenje kudetsedwa ndi timagazi. Kunyumba palibe wina wodzikanda. M'zikhatho ndi kumapazi mulibe kanthu. Titamasula thewera, khungu la m'menemo lili see, losalala. Bambo ake amadwala mphumu. Zonsezi zikaikidwa pamodzi zikuloza ku eczema, nthenda ya khungu louma ndi loyabwa.

Mabuku ambiri amati eczema imafiira. Pakhungu lakuda kufiirako nthawi zambiri sikuoneka, m'malo mwake pamada, pamatuwa, kapena pamatuluka tinsungu touma patsinde pa ubweya uliwonse. Dzanja limauza zambiri kuposa diso: pamakhakhala ndipo pamatentherapo. Imakonda kuyamba pakati pa miyezi 2 ndi 6, pamasaya ndi m'mutu, ndipo mwana akamakula imasamukira m'mapindiro a zigongono ndi kuseri kwa mawondo. M'thewera imasiyamo chifukwa m'menemo mumakhala chinyontho. Siipatsirana. Imayenda m'magazi pamodzi ndi mphumu ndi chimfine cha fumbi, ndipo ana ambiri imawachepera akamakula, ngakhale ena imawatsata.

Gwero lake ndi khungu lenilenilo. Khungu la mwana wotere lili ngati mtsuko wong'aluka: madzi a m'kati amatha msanga, ndipo sopo, fumbi, malovu ndi tizilombo zimalowera m'ming'alu momwemo. Pouma pamayabwa, mwana amakhuza, ming'alu imakula, kuyabwa n'kuwonjezeka. Choncho chithandizo chachikulu si jakisoni kapena mankhwala akumwa, ndi mafuta odzola, ochuluka, tsiku lililonse, ngakhale masiku amene khungu likuoneka bwino. Apa ndi pamene makolo ambiri amabwerera m'mbuyo, amadzoza pang'ono ngati akukonzekera ulendo wa kutchalitchi, zikangosintha n'kusiya.

Tawaonetsa mayiwo pompo. Kusamba kamodzi pa tsiku, mphindi 5 mpaka 10, madzi ofunda oyesa ndi chigongono. Sopo wonunkhira, sopo wa mankhwala opha tizilombo ndi sopo wochapira zovala asafike pathupi la mwana, ndipo chinkhupule ayi, dzanja lokha. Ngati emulsifying ointment, mafuta okhuthala ofewetsa khungu, ilipo, imalowa m'malo mwa sopo: kachibumu kakang'ono kusungunula m'madzi ofunda m'dzanja mpaka kuyera ngati mkaka, n'kumusambitsa nako. Mwanayo mumugwire bwino chifukwa amaterera. Akatuluka m'madzi, kumuguguda ndi thaulo mofatsa osapukuta mokhuza, ndipo pasanathe mphindi zitatu, khungu likadali lonyowa, kudzoza Vaseline woyera wopanda fungo. Kudzoza kwake n'kotsetsereka, kutsata kumene ubweya wagonera, chifukwa kufikisa mozunguliza kumatseka timabowo ta ubweya n'kutulutsa tizithupsa. Mafuta atapidwe ndi supuni yoyera, chala chimalowetsa tizilombo m'botolo. Kenako kubwereza katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo chosavuta kukumbukira n'chakuti posintha thewera ndi nthawinso yodzoza.

Mayiwo anadabwa ndi muyeso. Mwana amene eczema yamugwira mbali yaikulu ya thupi amamaliza pafupifupi magalamu 250 pa mlungu. Ndi ndalama ndithu, sitikubisa, koma mafuta oyera opanda fungo ndiwo otsika mtengo ndipo amaposa maloshoni a makanda onunkhira, amene ndi madzi ambiri ndi pefyumu. Aqueous cream, imene ambiri amaigula poganiza kuti ndi yofewa, mitundu yake yambiri ili ndi sodium lauryl sulphate, chinthu cha mtundu wa sopo chimene chimaumitsa khungu chikasiyidwa pathupi. Ndi yosambira, si yodzola. Mafuta ophikira, makamaka a mtedza, asadzozedwe pakhungu long'aluka, chifukwa chakudya cholowera pakhungu chingapangitse thupi kudzadana nacho. M'nyengo yotentha ino, masana dzozani mopyapyala koma pafupipafupi, okhuthala muwasungire madzulo, kuopa kuitana nsungu za thukuta. Chinanso chimene sitiiwala kunena: chitenje ndi zofunda zimene zamwa mafutawa zimagwira moto msanga, ndipo kuchapa sikuwachotsa onse. Mwana asayandikire mbaula, kandulo kapena koloboyi.

Masaya amavuta chifukwa cha malovu ndi mkaka. Kudzoza pang'ono musanayamwitse, kupukuta ndi kansalu konyowa mukatha, n'kudzozanso. Zikhadabo ziwengedwe kawiri pa mlungu. Zovala zikhale za thonje, juzi ya ubweya isakhudze khungu, ndipo zogula pa kaunjika zichapidwe zisanavalidwe. Pochapa, kutsukuluza kawiri mpaka thovu lithe.

Pamene padatupa ndi kuyabwa kwambiri mafuta okha sakwanira, ndiye tapereka hydrocortisone wa 1 peresenti, mankhwala opaka ochepetsa kutupa ndi kuyabwa. Muyeso wake ndi chala cha mayi: kufinya chubu kuchokera kunsonga ya chala cholozera kufika pamzere woyamba. Umenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo umakwana malo ofanana ndi zikhatho ziwiri za munthu wamkulu. Apake pokhakhala pokha, kamodzi kapena kawiri pa tsiku, kwa masiku 5 mpaka 7, kutalikira maso, ndi kusiya mphindi ngati 30 pakati pa iye ndi Vaseline kuti asasungunuke n'kufalikira posafunika. Ena amamuopa, amangopaka pang'ono masiku awiri n'kusiya, zidzolo n'kubwerera. Pa mphamvu imeneyi ndi masiku amenewa ndi wotetezeka, ndipo khungu losiyidwa likukandidwa ndilo limaonongeka kwambiri. Piriton, amene mayiwo anafunsa kuti mwana azigona, saperekedwa kwa mwana wosakwana chaka, ndiponso kuyabwa kwa eczema sakuthetsa.

Mayiwo akuti apongozi awo anawaletsa mazira, nsomba ndi nsinjiro poganiza kuti mkaka wawo ndiwo ukuwotcha mwana. Tawapempha ayambirenso kudya. Mayi woyamwitsa akadzimana amafooka yekha, eczema ili pomwepo. Bere lokha mpaka miyezi 6, kenako phala, ndipo nsinjiro ndi dzira lophika bwino zilowe chimodzichimodzi, pang'ono poyamba, masana mwana akuoneka. Kuchedwetsa zakudya zimenezi sikuteteza. Chimene chimasonyeza kuti thupi ladana ndi chakudya ndi ziwengo, kutupa milomo kapena zikope, kusanza kapena kubanika pasanathe maola awiri atadya. Zikatero chakudyacho chisiyidwe ndipo mwana athamangitsidwe kuchipatala. Mwana wa eczema yaikulu aonedwe ndi dokotala asanalawe mtedza.

Chakumasana kunabwera agogo ndi mdzukulu wa miyezi 8, m'manja muli kachubu kogula pamsika. "Anesi, mankhwalawa ndi amphamvu, ndikapaka m'mawa zatha. Koma ndikasiya zikubwera zoposa." Pachubu panalembedwa clobetasol, amene ambiri amamugula kuti ayeretse khungu. Iye ndi betamethasone ndi a banja limodzi ndi hydrocortisone koma mphamvu zawo n'zokwera kutalitali. Khanda lili ndi khungu lopyapyala komanso lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, motero mankhwala ambiri amalowa m'magazi, makamaka opakidwa m'thewera momwe mumatsekeka. Zotsatira zake ndi khungu lopyapyala looneka timitsempha, nkhope yofufuma, kukula mopinimbira, ndi thupi kuleka kupanga mahomoni ake ena. Amabisanso chipere ndi mphere, zikumafalikira pansipansi. "Agogo, mwachita bwino kubwera nako kachubuka," tinatero, chifukwa ambiri amabisa. Popeza apaka miyezi ingapo, tawatumiza kwa dokotala kuti aone kasiyidwe kake. Madontho oyera otsala pamasaya agogowo amaopa kuti ndi khate. Ayi, ndi zipsera za pamene panatupa, mtundu umabwerera wokha pakapita miyezi. Nkhanambo zachikasu zamafuta zimene zili m'mutu mwake siziyabwa ndipo si eczema: kuzifewetsa ndi Vaseline madzulo, kutsuka m'mawa, osazitokosola ndi chikhadabo, ndipo paliwombo pasambitsidwe mofatsa monga pena paliponse.

Womaliza sitinamulole kubwerera kunyumba. Eczema ya pamasaya yanyowa, ikuchucha madzi, yauma nkhanambo za mtundu wa uchi, thupi latentha madigiri 38.5 ndipo akukana bere. Mabakiteriya alowera m'ming'alu, ndipo izi zimafuna maantibayotiki, osati mafuta okha. Kunyumba anali atamupaka phala la masamba osinja pazilondazo, zimene zimangowonjezera litsiro pakhungu lotseguka. Zina zimene sizidikira tsiku la sikelo ndi izi: tizilonda tambiri tozungulira tofanana kukula, tooneka ngati tabooledwa, tofalikira msanga pa eczema, makamaka ngati wina wa zilonda za m'milomo anamupsompsona, matuza a mafinya kapena kutentha thupi kwa khanda losakwana miyezi 2, kusupuka m'zikhatho ndi kumapazi pamodzi ndi chimfine chosatha mwa wongobadwa kumene, zimene zimatichititsa kuyeza chindoko, zidzolo zoyambira kumaso zotsagana ndi chifuwa, maso ofiira ndi kutentha thupi, zomwe zingakhale chikuku, ndi khungu losenda pamodzi ndi kutupa mapazi. Mwana wa zidzolo zosamva mankhwala amene sikelo yake yaima timamuyezanso HIV.

Mnyamata wa eczema uja talemba m'buku lake kuti abwere pakatha milungu iwiri, ndi botolo la mafuta kuti tione mmene latsikira. Zikapanda kusintha adzapita kwa madokotala a khungu ku chipatala chachikulu. Amene ali kutali ndi chipatala angaimbe kwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni kuti afunse ngati zidzolo za mwana wawo zingadikire. Mawa alangizi a zaumoyo apita kumudzi kwa banja la mphere lija, chifukwa ana awiri akuluakulu aja amagona pamphasa imodzi ndi asuweni awo a nyumba yoyandikana.