Kanyumba ka makasu ka atate kasanduka khola

Loweruka, Okutobala, kuno ku Chipata

Ndikulemba manja akununkhabe laimu, msana ukuwawa, koma mtima uli m'malo.

Kuseri kwa nyumba yathu, pafupi ndi mtengo wa mango, kuli kanyumba ka njerwa zootcha kofolera malata. Malemu atate ankasungiramo makasu, wilibala, mpope wopopera ndiwo ndi matumba a feteleza. Ndi mamita 3 m'litali, 2 m'lifupi, chitseko chimodzi, windo palibe. Chimwalirireni iwo kakhala kotseka, pomwe nkhuku zanga 13 zakhala zikugona zina m'khitchini yapanja, zina mumtengo wa mangowo. Lachiwiri tinadzuka n'kupeza nthenga zokhazokha pansi pa mtengo. Vumbwe anali atadutsa, msoti womwe unali pafupi kuyamba kuikira wapita. Tsiku lomwelo ndinatumiza mawu kwa amalume ku Kapata kuti abwere Loweruka ndi zida zawo.

Ndadzuka kusanache kuti katundu atuluke dzuwa lisanatulukire pamapiri. Zomwe ndapeza kuseri kwa wilibala zandiopsa: mabotolo atatu a mankhwala a mbozi, mapepala ake anafufutika kalekale, kapaketi ka mankhwala a makoswe, ndi thumba la feteleza lobooka lomwe timibulu take tinamwazika pansi ponse. Nkhuku ikaona timibulu toyera imangotola ngati mphale. Ndiye ndasesa, ndapala ndi fosholo m'ming'alu ya simenti, ndatsuka kawiri ndi sopo. Mabotolowo sindinatayire kudzala, poti ana amasewera komweko ndipo chitsime sichili patali. Ndawatsekera m'bokosi mpaka ndikafunse alangizi a zaulimi katayidwe kake.

Amalume afika panjinga cha m'ma 7 koloko. Atamwa tiyi ndawauza kuti ndikufuna tibowole khoma mbali ziwiri, chakumtunda pafupi ndi denga. Anaika kapu pansi.

"Mwananga, khoma ili tinamanga ndi atate ako ndi manja athu. Njerwa tinaumba tokha kudambo. Tinalimanga kuti wakuba asaone n'komwe zomwe zili m'kati. Lero ukuti ndiligumule?"

"Amalume, makasu sapuma mpweya. Nkhuku zimapuma. Talowani mutseke chitseko muone."

Analowa. Sanathemo nthawi yaitali, anatuluka akupukuta thukuta ndi chipewa, chikhalirecho unali m'mawa. Nkhuku siituluka thukuta ngati ife. Ikatenthedwa imangoyasamula kukamwa, mapiko lende, imasiya kudya, mazira amachepa, ina kufa kumene. Kuwonjezera apo zitosi zikaunjikana m'malo otsekeka zimatulutsa fungo loswa mphuno lija, lomwe limapweteka maso ndi chifuwa cha nkhuku. Zonsezi amalume akuzidziwa kuposa ine, aweta nkhuku ndisanabadwe. Chomwe chimawavuta chinali kuika hamala pa ntchito ya mlamu wawo. Ndinawasiya akhale kaye chete pa chitsa, ine n'kumachotsa ndere za akangaude kudenga.

Kenaka ananyamuka n'kunena kuti, "Chabwino, koma njerwa ngakhale imodzi isasweke." Ndipo anaterodi. Anayamba kukumba dothi la pakati pa njerwa pang'onopang'ono, n'kumasolola imodziimodzi, kundipatsira ine pansi. Ntchito yomwe wina akanaimaliza ndi hamala m'kanthawi kochepa inawatengera mpaka dzuwa pamutu. Ndimawayang'ana akupukuta njerwa iliyonse ndi chikhatho asanandipatse, ndipo pena ndimatembenukira kumbali kuti asaone maso anga. Mawindo tawaika kumpoto ndi kummwera, kuti mphepo izidutsa koma dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lisamalowe mwachindunji.

Iwo ali pakhoma, ine ndinakwera njinga yahayala kupita ku Down Shops kukagula waya ndi misomali. Waya wa nkhuku wa maso akuluakulu uja ndi wotchipa, koma khoswe amadutsa, njoka imadutsa, likongwe naye sachedwa kupeza polowera. Ndagula wa maso ang'onoang'ono wolimba, ngakhale wadya ndalama yomwe ndimati ndigulire chitseko chatsopano. Chitseko chakale chikhala, tangochikhomera lata m'munsi momwe chiswe chinadya.

Tadya nsima ya mfutso wotendera nshawa, tamwera thobwa, tapumula pang'ono pamthunzi mpaka cha m'ma 14 koloko.

Njerwa zija sizinapite pachabe. Amalume amangira zisa zitatu m'ngodya ya mdima kuseri kwa chitseko, poti thadzi limakonda kuikira pobisika, ndipo chisa chimodzi chimakwanira matadzi anayi kapena asanu. Zotsala atsekera mpata wa pakati pa khoma ndi malata pomwe makoswe amalowera. Atamaliza anaimirira n'kuyang'ana zisazo nthawi yaitali, kenaka anati, "Zabwerera m'nyumba mwake momwe." Sindinayankhe.

Pogona nkhuku taika mitengo iwiri ya bulugamu yopingasa m'lifupi mwa kanyumbako, yonse msinkhu umodzi kuti zisamalimbirane wapamwamba, komanso pamwamba kuposa zisa, apo ayi zimagona m'zisa n'kuipitsiramo mazira. Nkhuku imodzi imafuna malo pafupifupi masentimita 25 pamtengo, ndiye mamita 4 amenewa akwanira ndi kutsala. Makoma ndawapaka laimu mpaka m'ming'alu, chifukwa ndi momwe utitiri umabisala usana n'kumatuluka usiku kuyamwa magazi. Pansi ndayala makoko a nshawa osakaniza ndi utuchi womwe amalume anabweretsa kuchokera kwa akalipentala anzawo. Panja pa khomo ndaika beseni lakutha lodzaza phulusa ndi mchenga kuti zizisambamo. Pamwamba pa malata mwana wanga wamkulu wayala udzu, wapsinja ndi mitengo, ndipo m'kati mwazizirako ndithu.

Chimodzi chokha chikundidetsabe nkhawa, chitopa. Nyengo yotentha ino ndiyo yake, ndipo khoma ngakhale likhale lolimba chotani silichiletsa. Zaka ziwiri zapitazo chinandipululira khola lonse m'sabata imodzi, nkhuku zikungozyolika, makosi opindika, zitosi zobiriwira. Chikalowa mankhwala ake palibe, chothandiza ndi katemera basi, ndipo amafunika kubwereza pakatha miyezi itatu kapena inayi. Lolemba ndilawirira kwa alangizi a ziweto. Azakhali a ku Chadiza andilonjeza misoti itatu, koma ikabwera idzakhala payokha masabata awiri m'khitchini yapanja isanasakanikirane ndi zinzake. Ndawauziratu kuti asadzaone ngati ndikunyoza mphatso yawo.

Dzuwa litalowa nkhuku sizinayang'ane n'komwe nyumba yatsopano. Ndinamwaza gaga pakhomo, zinadya, kenaka zonse ulendo kumtengo wa mango. Tadikira mdima, ana akwera ndi tochi n'kumanditsitsira imodziimodzi. Tambala ndiye anavuta, anathawira nthambi yakunsonga mpaka amalume anachita kumugwedeza ndi nsungwi. Ndawerenga kawiri: matadzi ndi misoti 11, tambala mmodzi. Zikhala zotsekeredwa masiku atatu, madzi ndi chakudya zili momwemo, kuti zizolowere kuti kwawo ndi kumeneko.

Amalume akana ndalama. Apempha khasu lakale la atate, lija la mpini wosalala chifukwa chogwiridwa, alimangirira pakaliyala n'kukankha njinga mpaka pamsewu osakwera. Ati abweranso Loweruka likudzali tidzamange mpanda wa bwalo la nkhuku, mvula yoyamba isanagwe.