Khomo lokaniza wamng'ono kudutsa

Kwa masabata awiri funso limodzi linandisowetsa mtendere pamene ndinkawerenga za khungu la selo, kachipinda kakang'ono kwambiri kamene zamoyo zonse zimapangidwa nako. Pakhungupo pali timakomo todutsa potaziyamu, koma sodiyamu akafika amabwezedwa (onsewa ndi maatomu a michere ya m'thupi). Chonsecho sodiyamu ndiye wamng'ono: kuchokera pakati mpaka m'mphepete ndi ma angstrom 0.95, pomwe potaziyamu ndi 1.33 (angstrom ndi kamuyeso koyezera tinthu tating'ono ngati maatomu).

M'mutu mwanga munali sefa ya ufa. Amayi akamasefa, ufa wosalala umagwera m'lichero, misere n'kutsala pamwamba. Nanga sefa yanji yogwetsa misere n'kusunga ufa? Mayeso ndikanatha kukhoza pongoloweza, koma mtima sunkalola.

Anandimasula ndi ntchito ya Roderick MacKinnon wa pa Rockefeller University ku New York. Mu 1998 iye ndi anzake anaonetsa maonekedwe a khomo lotchedwa KcsA, lochokera mwa bakiteriya wam'dothi, Streptomyces lividans, pogwiritsa ntchito X-ray. Chimene ndinali nditaiwala ndi madzi. Potaziyamu sayenda yekha m'thupi, amakhala atafunda timadzi tomuzungulira mbali zonse, ndipo sodiyamu naye ndi chimodzimodzi. Kuti alowe pampanipani pa khomo, pamene kutalika kwake ndi ma angstrom 12 okha, ayenera kuvula chofundacho. Kuvulako sikuchitika mwaulere, pamafunika chobwezera.

Apa ndi pamene ndinaika cholembera pansi. Khomolo limapangidwa ndi zigawo zinayi zofanana, ndipo m'kati mwake muli maatomu a okosijeni ondandalikidwa ndendende pamene madzi aja amakhala. Potaziyamu akavula, okosijeni asanu ndi atatu amamugwira nthawi yomweyo, ngati kuti sanavule kanthu. Sodiyamu amachepa, okosijeniwo samukwana bwino, choncho amakakamira madzi ake n'kutsala kunja. Ndinajambula chithunzichi katatu m'kope mwanga, kachitatuko osayang'ana m'buku.

Liwiro lake nalo ndi lodabwitsa. Mapotaziyamu amakhala pamzere m'khomomo akukankhana, popeza onse ali ndi mphamvu ya magetsi yofanana, moti pa sekondi imodzi angadutse okwana 100 miliyoni. MacKinnon analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 2003 pamodzi ndi Peter Agre, amene anatulukira timakomo todutsa madzi.

Ine ndikuona kuti phunziroli limaphunzitsidwa mothamanga kwambiri, ngati kandime kongodutsapo, chikhalirecho kugunda kwa mtima ndi uthenga wa m'mitsempha zimadalira timakomoti. Sabata yatha mwana wa achemwali anga ankatsegula m'mimba. Ndikusungunula paketi ya ORS m'lita imodzi ya madzi, ndinawerenga kuseri kwake: potassium chloride, magalamu 1.5. Ndinamumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni, ndikuganiza za potaziyamu amene anali atataya tsikulo ndi kamtima kake kamene kankamufuna.