Mbuzi ya pa katoni ndi zimene ndaphunzira kwa William Steig

Teremu ino ndikuyeserera kuphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale cha ku Santhe, ndipo andipatsa Sitandade 2. Ana ndi ambiri, mabuku ndi ochepa, moti buku limodzi amaliunjirira anayi kapena asanu. Ku koleji adatiphunzitsa za TALULAR, zoti mphunzitsi asamadikire zipangizo zochokera kutali, azipanga yekha ndi zomwe zili pafupi. Ndiye ndidapempha makatoni a sopo pagolosale, n'kuwamatula, n'kuyamba kujambulapo ndi makala ndi choko.

Choyamba kujambula chinali mbuzi, chifukwa nthano ya sabata imeneyo inali ya mbuzi yomwe mwana wake adasochera. Idanditengera madzulo awiri. Nyanga, ndevu, ziboda, ngakhale mawanga a pamsana, zonse ndidaziika. Nditaikweza m'kalasi n'kufunsa kuti akuona chiyani, onse adayankhira limodzi kuti, "Mbuziii!" Ndidafunsanso kuti ikutani. Kalasi lonse zii. Kenaka kamtsikana kena ka kutsogolo kadakweza mkono n'kunena kuti, "Yangoima, madamu."

Kadanena zoona. Ine ndinkakamba za mayi amene mtima uli m'mwamba, koma pakatonipo padali mbuzi yongoima.

Sabata yomweyo, aphunzitsi amene amandiyang'anira adanditsegulira bokosi la mabuku a Chingerezi omwe anthu akufuna kwabwino adapereka kalekale. Mudali kabuku kothaitha kotchedwa Sylvester and the Magic Pebble, ka William Steig. Nkhani yake ndi ya mwana wa bulu amene adatola kansangalabwi kofiira kochititsa chilichonse chimene munthu walakalaka ataikagwira. Pobwerera kwawo adakumana ndi mkango, ndipo chifukwa cha mantha adalakalaka atasanduka mwala. Adasandukadi. Kansangalabwi kaja kadagwera pambali, iye alibe dzanja loti akatolere.

Chingerezi chake ana anga sangachimve, koma ndidayesa kuwaonetsa masamba okha. Pali tsamba lomwe makolo a buluyo, atafunafuna mpaka kutaya mtima, apita kukadyera chakudya kutchire ndipo ayala mbale zawo pamwala womwewo, osadziwa kuti ndiye mwana wawo. Mnyamata wina adaimirira osapempha n'komwe, n'kuloza ndi chala: "Ndi yemweyotu! Auzeni!" Chithunzi chokha chidamufikitsa pamenepo, ine ndisadamasulire liwu ndi limodzi lomwe.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuwerenga za munthu ameneyu pafoni bandulo ikapezeka. Steig adabadwa mu 1907 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, ndipo adakulira ku Bronx. Makolo ake adali Ayuda osamuka ku Ulaya; bambo ake ankapenta nyumba, mayi ake ankasoka zovala. Sukulu za luso adaziyamba koma sadamalize, ndipo ya ku Yale adakhalako masiku asanu okha. Chuma cha America chitagwa mu 1929, bambo ake adataya zomwe adali nazo, udindo wodyetsa banja n'kugwera iye. Adayamba kugulitsa makatuni, ndipo mu 1930 magazini ya The New Yorker idagula yake yoyamba. Adajambulira magaziniyo zaka zoposa 70, zithunzi zopitirira 1,600 ndi zikuto zoposa 100. Apa ndidamumvetsa kwambiri. Kwathu kuno ambiri tikudziwa mwana amene amasiya zofuna zake chaka chomwe fodya sadagulidwe bwino, kuti abale ake adye.

Chomwe chidandidabwitsa n'chakuti mabuku a ana adawayamba mu 1968, atakwanitsa kale zaka 60, mnzake wojambula makatuni Robert Kraus atamulimbikitsa. Buku la bulu lija lidatuluka mu 1969, ndipo mu 1970 lidalandira Caldecott Medal, mphoto yomwe ku America imapita kwa wojambula bwino mabuku a ana. Ngakhale Shrek amene ana amamuonera m'mavidiyo sho adachokera m'kabuku kake ka 1990. Filimuyo idadza mu 2001, iye n'kumwalira mu 2003 ali ndi zaka 95.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti zaka 38 za makatuni zidamupatsa chiyani chimene ine ndidalibe pojambula mbuzi yanga. Ndikuganiza kuti ndi ichi. Katuni ya m'magazini imakhala bokosi limodzi, mawu mzere umodzi, nthawi zina opanda mawu n'komwe. Wowerenga amaiyang'ana kamphindi, akapanda kuimva amatembenuza tsamba. Wojambula ndiye amaphunzira kusiya zonse zosafunika n'kusunga zomwe zikunyamula mtima wa nkhani: mmene phewa lagwera, kumene maso ayang'ana, mmene munthu wakhalira pampando. Akuluakulu athu amakumbukira Pewani wa a Brian Hara mu Malawi News. Ambiri ankayamba kuseka asadawerenge mawu, nkhope yokha itawauza kale. Mwana wa Sitandade 2 ali chimodzimodzi ndi wowerenga wachangu uja. Zilembo akuzigwirizabe movutikira, koma nkhope adayamba kuziwerenga ali kumsana kwa mayi ake. Amadziwa ngati kunyumba kwavuta pongoona mmene bambo alowera pakhomo.

Ndikayang'anitsitsa zithunzi za Steig, mizere yake ndi yogwederagwedera, ena anganene kuti yosasamala. Abulu ake amavala madiresi ndi majekete, amayenda ndi miyendo iwiri. Palibe bulu wotere padziko. Koma mayi wa bulu uja akakhala pawindo misozi ili m'maso, makutu atagwa, ukuona mayi weniweni. Palinso tsamba la nyengo yozizira, mmbulu utakhala pamwamba pa mwalawo n'kumalira ndi njala, chipale chofewa chili mbuu ponseponse. Ana anga sadaonepo chipale, koma adakhala chete nthawi yaitali patsamba limeneli, ndipo wina adafunsa ngati mwalawo ukumva kuzizira.

Ndidaphunziranso kuti kusankha nyama si nkhani yamasewera. M'buku lomweli apolisi adawajambula ngati nkhumba, ndipo ku America mawu oti nkhumba ndi chitonzo kwa apolisi, choncho mabungwe ena a apolisi adakwiya n'kufuna kuti bukulo lichotsedwe m'malaibulale. M'nkhanimo apolisiwo sadalakwe kanthu, akungothandiza makolo osowa mwana, komabe chithunzi chidalankhula zomwe mawu sadanene. Kwathu n'chimodzimodzi. Kalulu, Fisi, Kamba ndi Kadzidzi aliyense amabwera ndi mbiri yake kuchokera kunthano za agogo. Nditati ndijambule nyakwawa ngati fisi, ngakhale nkhaniyo itamuyamikira chotani, makolo angamve zina. Ndimafuna tikamaphunzira Expressive Arts tizikambirananso zotere, chifukwa nthawi zambiri timathera pa mitundu ya utoto ndi kujambula mpando molondola.

Pali chimodzi chomwe sindigwirizana nacho mwa zomwe anzanga ena amanena. Amati kujambulira ana n'kosavuta, bola chithunzi chikhale chowala. Munthu amene adatha zaka pafupifupi 40 akuseketsa akuluakulu a ku New York ndi cholembera sadatsike pamene adatembenukira kwa ana. Luso lonse lomwe adalisonkhanitsa lidafunika kuti mwala wopanda maso ndi pakamwa umvetse mwana chisoni.

Lachisanu lapitali ndidatembenuza katoni ija n'kujambula kuseri kwake. Sindidaike mawanga, ndevu ndidangozikhwatcha kamodzi. Khosi ndidalitalikitsa kuloza kuthengo, kamwa yotsegula, khutu limodzi chilili, mwendo wakutsogolo uli m'mwamba, ndipo chingwe chodukacho chikukwekwereka pansi. Idatha mphindi zosakwana khumi, manja onse ali bii ndi makala.

Nditaikweza, sindidafunse n'komwe. Kamtsikana kaja kadayamba: "Ikulira, madamu." Wina kumbuyo adatsutsa kuti ikuitana. Wachitatu adati yadula chingwe, eni ake akaipeza aikwapula. Adakangana mpaka belu la buleki lidalira, ndipo atatuluka, anyamata awiri adatsalira n'kundipempha makala otsala kuti ajambule mwana wa mbuziyo pomwe wabisala.