Mnyamata wa pa TV uja ndi ndalama za apongozi

Sewero lachikondi limene timaonera usiku kwathu kuno ku Chinamwali landikwiyitsa sabata ino. Mnyamata uja, wosauka koma wophunzira, wakana ndalama zimene bambo a chibwenzi chake anamupatsa kuti alipirire mayi ake kuchipatala. Akuti safuna kugulidwa. Mayi ake ali gone, iye akungoyenda pamvula nkhope ili gwa, nyimbo yachisoni ikulira.

Azakhali anga, omwe amagulitsa tomato ku Mpondabwino, sanapirire. "Iwe, kunyada kumeneku kungagule mankhwala? Akanalandira, n'kudzabweza akapeza ntchito." Ine ndili mbali yawo, ngakhale alamu anga akuti mwamuna wolandira ndalama kwa apongozi sakhalanso ndi mawu pakhomo.

Mfundo ya alamuwo ndikuimvetsa ndithu. Kuno ku Zomba mabanja ambiri ndi achikamwini: mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi, ndipo nkhani zikuluzikulu za ana amaweruza ndi amalume awo. Mkamwini akadyanso ndalama za apongozi, pamsonkhano wa banja amangokhala duu. Koma olemba sewerowo alakwitsa chinthu chimodzi. Bambo olemerawo apereka envelopu okha, maso ndi maso, ngati akugula mbuzi. Kwathu nkhani yotere ikanadzera mwa amalume kapena ankhoswe, anthu n'kukambirana bwinobwino popanda wina kuchititsidwa manyazi.

Amene ndikumumvera chisoni ndi mtsikanayo. Bambo ake sanamufunse maganizo, mnyamatayonso ayi. Gawo lamawa aonetsa kuti apita yekha kuchipatala atanyamula ndalama zomwezo, ndipo azakhali alamula kale kuti nsima tidye 7 koloko isanakwane.