Mkulu uja ndamupeza, anabisala kuseri kwa dzina la famu

Anzanga okumba mizu ya makolo, usiku wathawu cha m'ma 1 koloko ndinakuwa ndekha pakompyuta mpaka mayi a kunyumba anadzambatuka, ati mwina mwalowa mbala. Ayi ndithu, anali mkulu uja wandizunguza mutu masiku 11.

Paja ndikutsata mzera wa mkazi wanga, wa kuno ku Winneshiek County, kumpoto chakum'mawa kwa Iowa ku America, ndipo mkulu ujayu ndi kholo lake limene linachokera ku Norway. Anthu a ku Norway anayamba kukhazikika kuno mu 1850, ambiri atayamba apumirako ku Wisconsin. Mbali ya kuno sinandivute. Manda ake alipo ku Washington Prairie, kumene m'busa Ulrik Vilhelm Koren anafika mu 1853 n'kutumikira mpaka imfa yake mu 1910, ndipo chiliza cha kholo lathulo ndinachijambula ndekha nditapala ndere ndi chala. Mavuto anayamba pofuna kumuwolotsa nyanja kubwerera naye kwawo.

Pachilizapo pali dzina la famu. M'kalembera wa Iowa wa 1856 ndi wa dziko lonse wa 1860 alembamo dzina la bambo ake lothera ndi -sen. Izi sizinandidabwitse, tonse tikudziwa kuti ku Norway munthu ankakhala ndi maina atatu: lake, la bambo, ndi la famu. Apongozi anandiuza kuti kwawo kunali ku Valdres, dera lina la ku Norway, basi ine ndinalowa pa Digitalarkivet, nkhokwe ya pa intaneti ya zolembedwa zakale za dzikolo, n'kuyamba kuvundukula mabuku a ubatizo kufuna mwana wobadwira pafamu imeneyo. Tsamba ndi tsamba, zaka 15 zathunthu. Zilembo za abusa akalewo mumazidziwa, s wooneka ngati f, inki yodutsira kuseri, tsamba lina lodetsedwa ngati panakhala mphika. Ana a dzina limenelo ndinapeza anayi, onse osagwirizana zaka. Mmodzi ndinatsala pang'ono kumukakamiza kuti akhale wathu, mwamwayi ndinaona kuti anamwalira ali ndi zaka 3.

Cholakwa chinali changa. Dzina la famu silili ngati mfunda ayi. Phiri amakhala Phiri ngakhale asamukire ku Joni, koma awa dzina la famu linali ngati keyala: ukasamuka, nalo lasintha. Mkuluyu anali husmann, wokhala pamalo a eni n'kumalipira ndi thukuta lake, ndipo dzina la pachiliza ndi la famu yomaliza imene anakhalapo asananyamuke. Ine ndinkafuna khanda pamalo amene munthu anafikapo ali kale ndi ndevu.

Chinandipulumutsa ndi kalembera wa Iowa wa 1925. Amene simunamugwiritsepo ntchito mukudzimana, chifukwa ankafunsa dzina la bambo, dzina la mayi la kwawo, ndi kumene makolowo anakwatirana. Mwana wamwamuna wa mkuluyu anali akadali moyo, nkhalamba ya zaka 70, ndipo anatchula dzina la mayi ake bwinobwino. Ndi dzina limenelo ndinasiya maubatizo n'kupita kumapeto kwa buku, pamndandanda wa utflyttede, otuluka m'parishi. Ndinayamba ndi parishi ya Vang ya ku Valdres komweko, kunalibe. Ku parishi ya Vestre Slidre, chaka cha 1854, ndi awo: mwamuna, mkazi, kamwana kamodzi, pambali palembedwa "til Amerika". Kamwanako kuno sikakupezeka paliponse, ndiye mwina kanatsala panjira. Pamenepo chimwemwe chinayamba chazirala kaye.

Za sitima musandifunse. Ambiri a zaka zimenezo ankadzera ku Quebec ku Canada, ndipo mindandanda ya okwera ya kumeneko isanafike 1865 njosowa kwambiri. Ndazisiya.

Digitalarkivet ndimaikonda chifukwa njaulere ndipo umaona tsamba lenilenilo. Mitengo ya mabanja yomwe anthu amakoperana pa intaneti ija ndinasiya kuikhulupirira, wina anapatsa mkulu yemweyu akazi awiri ndi manda ku Minnesota. Zimandikumbutsa nthawi imene ndinkalemba mzera wa kwathu ku Ntcheu: kumene kuja kaundula wanga anali azakhali, atakhala pamphasa akusenda nyemba, ndipo sanaphonyepo dzina.

Loweruka ndipita ku tauni ya Decorah kukazungulira ku Vesterheim, nyumba yosungira zinthu zakale za anthu ochokera ku Norway, ndikaonenso mabokosi opakidwa maluwa aja amene anthuwa ankalongezamo katundu, poti tsopano ndikudziwa dzina la famu loti ndiziyang'ana pa zivundikiro. Kenako ndifufuze ngati Decorah-Posten, nyuzi ya m'chinenero cha ku Norway ija inatuluka kuyambira 1874 mpaka 1972, inalembako za maliro ake, ngakhale zilembo zake nazonso n'zopweteka maso. Cholinga n'kufikitsa mzerawu pa kalembera wa Norway wa 1801 isanafike Nordic Fest, chikondwerero cha ku Decorah cha mu Julaye, kupeza bygdebok ya Slidre, buku la mbiri ya mafamu ndi mabanja a kumeneko, kuphunzira chinenero cha ku Norway mokwanira, ndipo chaka chamawa kukaponda pafamupo. Mayi a kunyumba akuti ndiyambe ndakonza chitseko cha galaja.